Delifa ndi Chigoba cha Nkhono

Panali mtsikana wina amene Chingerezi chinamukana. Dzina lake anali Delifa.

Delifa sanali mbuli. Masamu ankawathyola ngati nzimbe. Za ulimi, za sayansi, za mbiri yakale, zonsezi anakhoza pa mayeso a Fomu Folo, ndipo anakhoza bwino. Koma zotsatira zitabwera, pa mzere wa Chingerezi panali naini. Inu mukudziwa tanthauzo lake. Ukhoze maphunziro onse mpaka aphunzitsi akunyamule pa phewa, koma ukalephera Chingerezi, satifiketi palibe. Anzake amene ankakopera masamu kwa iye analandira mapepala awo. Iye anabwerera kwawo chimanjamanja.

Kunyumba anapeza uthenga ukumudikira. Azakhali ake a m'tauni ankafuna mtsikana wowalerera ana, ndipo diso lawo linali pa Delifa. "Sukulu yamukana ameneyo," anatero. "Abwere kuno, azidya bwino, azisamba madzi a pampopi." Amene munaonapo mtsikana akupita kukalera ana a achibale mukudziwa kuti tsiku lopita limadziwika, koma lobwerera kusukulu silidziwika. Delifa anagwada pamaso pa bambo ake, nalira. Bambowo anali mlimi wa mtedza, munthu wosachulutsa mawu. Anati, "Chabwino, kabwereze. Koma ndi chaka chino chokha. Zikakanikanso usadzandigwadirenso. Udzangonyamula chikwama, upite kwa azakhali ako."

Choncho Delifa anabwerera kusukulu, nakhala pa benchi limodzi ndi ana amene chaka chatha ankamupatsa njira. Ndipo ankawerenga, inu, ankawerenga mtsikana ameneyu. Malamulo a chiyankhulo anawaloweza ngati katekisimu. Zimangirizo za anthu ena, zija zimayenda m'manja kuchoka kwa mkulu kupita kwa mng'ono mpaka mapepala kuda bii, anazidziwa pamtima. Komabe mtima wake sunakhale m'malo, chifukwa chaka chatha anawerenganso motero, ndipo anagwa. Chomuwawa kwambiri chinali chakuti sankadziwa pamene anagwera. Naini sayankhula. Sakuuza kuti unalakwa apa kapena apo, amangokhala pa pepala n'kumakuyang'ana.

Mufunsa kuti nanga aphunzitsi anali kuti. Sukulu yonseyo inali ndi mphunzitsi wa Chingerezi mmodzi, a Chigwenembe, bambo wamtali, wa dazi, woseka kamodzikamodzi. Kalasi ya Fomu Folo inali yodzaza moti ena ankakhala pa zenera. Akapereka ntchito yolemba, ankati, "Sinthanani makope," ndipo ana ankachongerana okhaokha. Wosadziwa ankachonga wosadziwa mnzake, n'kupatsana mamalikisi okoma, onse n'kumapita kwawo akusangalala. Musawanene a Chigwenembe. Munthu ali ndi manja awiri okha.

Itafika teremu yomaliza, nthawi yobwereza zonse pokonzekera mayeso, a Chigwenembe analowa m'kalasi ndi chigoba cha nkhono. Chinali chachikulu, choboola, chomangidwa pa chingwe cha khonje. Anachiika pa tebulo, napereka lamulo. Kuyambira belu loyamba mpaka belu loweruka, mu Fomu Folo muzimveka Chingerezi chokha. Woyamba kumveka akuyankhula Chichewa avale chigobacho m'khosi, ndipo akamva wina naye akulakwa, amupatsire. Amene belu loweruka lamupeza nacho ndiye wa chilango. M'mawa mwake chigoba chinkabwerera pa tebulo, n'kuyambiranso ulendo wake.

Chilangocho sichinali kuzula chitsa kapena kukolopa kuchimbudzi. Chinali kukalemba tsamba limodzi la Chingerezi pa mutu umene aphunzitsi apereka. Kukacha, aphunzitsi ankachonga tsambalo kalasi yonse ikumva. Ankawerenga mokweza, n'kumaima pa cholakwa chilichonse, cholembera chofiira chili m'manja.

Ana akanakhala ndi mwayi wosankha, akanasankha chitsa. Chitsa sichiseka munthu.

Aphunzitsi ankafuna kuti ana aziyankhula Chingerezi. Chimene anapeza n'chakuti ana anasiya kuyankhula. M'kalasi munangoti zii. Wofuna labala ankaloza ndi mlomo. Wofuna kudutsa ankangokodola mnzake pa phewa. Ndipo wovala chigoba ankasanduka mlenje. Ankaponda mnzake chala mwadala, kapena kumuponyera chiwala m'malaya, kuti mnzakeyo akangokuwa kuti "Mayo!" amukoleke chingwe. Umu ndi mmene ana anzeru, oti mayeso ali pakhomo, ankathera tsiku lawo.

Katswiri wa kukhala chete anali monitala wa kalasiyo, mnyamata wotchedwa Wedisoni. Chigoba sichinakhudzepo khosi lake. Anali ndi mawu ake angapo a Chingerezi, aataliatali, otola m'dikishonale, ndipo ankawatulutsa pa nthawi yake, ena m'mawa, ena masana, kenaka n'kutseka pakamwa. Anzake ankamutcha Mzungu. Iyenso ankayenda ngati dzinalo anachita kubatizidwa nalo.

Delifa nayenso anasoka pakamwa pake. Wobwereza kalasi amakhala kale ndi manyazi ake, ndipo iye sankafuna kuwonjezera ena.

Koma tsiku lina, belu loweruka lili pafupi, mtsikana amene anali ndi chigoba anamuponyera kabuluzi pa kope. Delifa analumpha, nakuwa, "Mayo ine, amayi!" Asanakhale pansi, chingwe chinali m'khosi. Belu linalira. A Chigwenembe anamupatsa mutu wake: alembe za tsiku la msika kwawo.

Analemba ndi mphamvu zake zonse. Mawu okongola onse amene anawaloweza anawathiramo. M'mawa anapereka tsamba lake, nakhala pansi, maso ali pa desiki.

A Chigwenembe anayamba kuwerenga. Chiganizo choyamba chinali chachitali moti mpweya unawathera asanafike kumapeto. Anaima, nafunsa ngati wolembayo ankathamangitsidwa ndi galu. Kalasi inaphulika ndi phwete. Anapitiriza. Nkhani inayamba ngati ya dzulo, pakati n'kusanduka ya lero, kenaka n'kubwereranso dzulo. Atafika pa theka la tsamba, Delifa anali asanafikebe kumsika. Anali akufotokozabe za dzuwa likutuluka ndi mbalame zikuimba, mawu obwereka m'chimangirizo cha munthu wina. "Ndinatuma munthu kumsika," anatero aphunzitsi, "koma mpaka pano akuyang'ana mbalame." Wedisoni anaseka mpaka kumenya desiki. Tsamba linabwerera kwa mwini wake lofiira ngati pophera mbuzi.

Pa nthawi yopuma Delifa anazembera kuseri kwa kalasi, nalira mpaka maso kutupa. Anafuna kung'amba pepalalo. Anali ataligwira kale ndi manja awiri. Koma diso lake linagwera pa mzere wofiira woyamba, ndi pa timawu timene aphunzitsi analemba m'mphepete. Apa puma. Apa sankha nthawi imodzi. Apa yankha funso. Anawerenga tonse mpaka pansi, nayambiranso. Misozi inauma yokha. Zaka zonse zija za sekondale, panalibe munthu amene anamulozerapo pamene ankalakwa. Chilonda chimene anachifunafuna chaka chathunthu chinali pomwepo, chozunguliridwa ndi inki.

Anapukuta nkhope, napita ku ofesi ya aphunzitsi. Anayankhula m'Chingerezi chake chothyokathyoka, koma ine ndikuuzani m'Chichewa. Anati, "Aphunzitsi, ndikamalemba tsiku lililonse, kodi mungamandichongere?"

A Chigwenembe anamulozera milu ya makope a makalasi onse anayi, yofika m'chiuno. "Mwana iwe, ukuiona iyo? Ndikayamba kuchonga zako zokha, mawa abwera onse. Ndiponso mtsikana wolowa mu ofesi ya mphunzitsi wamwamuna tsiku ndi tsiku, anthu a kuno ukuwadziwa pakamwa pawo. Sindingathe. Ine ndimachonga tsamba limodzi pa tsiku, la chilango basi, poyera, onse akuona."

Delifa anathokoza, natuluka. Koma mawu aja anatuluka naye limodzi. Tsamba limodzi pa tsiku, la chilango basi.

Masana amenewo chigoba chinali m'khosi mwa mtsikana wina wa kutsogolo, amene ankangotuluka thukuta, kucheukacheuka, kusowa womutchera msampha. Pa zenera ankaoneka woimba belu akuyenda kale kupita ku mtengo wopachikapo belu. Pamenepo Delifa anaimirira. Anayang'ana kalasi yonse, natsegula pakamwa, nanena m'Chichewa chomveka mpaka panja:

"Anzanga nonse, mwaswera bwanji?"

Ena anangoti kukamwa yasa. Mtsikana wa kutsogolo uja anathamanga ndi chingwe, kuopa kuti munthuyo angasinthe maganizo. Delifa anaweramitsa yekha mutu, nalandira chigoba. Belu linalira.

M'mawa mwake anasekedwanso. Masana ake, belu lili pafupi, anaimirira, napatsanso kalasi moni. Mkuja chimodzimodzi.

Dzina la Delifa linafa, anasanduka Nankhono. Ana a Fomu Wanu ankamutsatira pa msewu, zala ziwiri zili pa mutu ngati tinyanga, akuyenda pang'onopang'ono. Amayi ogulitsa zitumbuwa pa chipata ankanong'onezana akamadutsa. Musaganize kuti sizinkamupweteka. Zinkamupweteka kwambiri. Panali m'mawa wina umene anafika pa chipata cha sukulu n'kuima, mapazi kukana kulowa. Koma walira mvula walira matope. Analowa.

Tsono mvetsani mmene ankachitira, pakuti nkhani yagona pamenepa. Sankangolandira tsamba lofiira n'kuliponya m'chikwama. Akafika kunyumba, akatha kutunga madzi, ankakhala pa khonde dzuwa likadalipo, n'kulembanso tsamba lomwelo kuyambira pamwamba, kukonza paliponse pofiira. Akatero ndiye ankayamba la mawa. Cholakwa chimene anasekedwa nacho kamodzi ankachisaka ngati khoswe wa m'nkhokwe, kuti chisadzaonekenso. Zolakwa zatsopano zinkabwera, inde, koma zakale zinkachepa.

A Chigwenembe sanali mwana. Posakhalitsa anazindikira zimene zikuchitika. Anangoyamba kusintha mitu. Lero kalata yodandaula za mjigo wowonongeka. Mawa lipoti la ngozi ya njinga. Tsiku lina ndime yaitali yoti aifupikitse osataya mfundo, tsiku lina nkhani yoti awerenge ndi kuyankha mafunso ake, tsiku lina mawu oti munthu akayankhule pa msonkhano wa makolo. Zonse zimene zimabwera pa mayeso zinamupeza Nankhono m'dzina la chilango. Ndipo pochonga sankamunyengerera. Ankachita kukanikiza cholembera.

Sizinayende moongoka ayi. Tsiku limene anapatsidwa koyamba ndime yoti afupikitse, anangokopera ziganizo za mwini wake n'kudula michira. Tsamba limenelo linafiira kuposa loyamba lija, ndipo kalasi inaseka ngati sinasekepo. Poweruka, Wedisoni anamupeza pa njira. Mwina anamumvera chisoni, mwina ankafuna kuonetsa ukulu, sindidziwa. Anati, "Achemwali, mukudzichititsiranji manyazi chonchi? Ine ndili ndi zimangirizo zabwino za achimwene anga. Ndikubwerekeni, muloweze, mupume."

Delifa anamuyang'ana, nati, "Zikomo. Ndinaloweza chaka chatha."

Anapita kwawo, nakalembanso ndime ija m'mawu akeake.

Koma za kusukulu sizithera kusukulu. Mayi wina wa kutchalitchi kwawo anakumana ndi bambo a Delifa pogulitsa mtedza. "Pepani, achimwene, si miseche ayi," anatero mayiyo, monga amayambira onse a miseche. "Koma mwana wanu uja akulangidwa tsiku ndi tsiku. Akuti amachita dala. Sukulu yonse ikumuseka."

Bambowo anafika kunyumba nkhope ili gwaa. Anapeza mwana wawo ali pa khonde, akulemba.

"Iwe Delifa, n'zoona kuti umavala chigoba tsiku lililonse?"

"N'zoona, bambo."

"Mwadala?"

"Mwadala, bambo."

"Ndiye ine ndinakubweza kusukulu kuti ukasanduke choseketsa anthu? Basi, zakwana. Sitidikiranso mayeso. Loweruka ukwera minibasi, upite kwa azakhali ako."

Ulendo uno Delifa sanalire. Analowa m'nyumba, natenga masamba ake onse a chilango, nawayala pa mphasa motsatana, loyamba kumanzere, la tsiku limenelo kumanja. Kenaka anagwada, nati, "Bambo, Chingerezi simuwerenga, ndikudziwa. Ingoyang'anani zofiirazo. Chofiira chilichonse ndi pamene ndinalakwa."

Bambowo anawerama. Anayambira kumanzere, kumene kunali kofiira psuu. Anasuntha pang'onopang'ono, chala chikuyenda pamwamba pa mapepala. Pakati, zofiira zinali apo ndi apo. Kumanja anachita kuzifunafuna. Anabwerera kumanzere, nayambiranso. Anali mlimi, ndipo munda wopalira ankaudziwa.

"Nanga anzako amakusekawo, mapepala awo ndi otani?"

"Awo alibe zofiira, bambo. Sanachongedwepo."

Bambowo anaimirira, nakhosomola pang'ono. "Sonkhanitsa mapepalawa, mphepo ingawaulutse. Za Loweruka zija uziiwale." Atafika pa khomo anatembenuka. "Ndipo mawa ukavalenso."

Ndiye linafika tsiku limene ine ndimalikonda pa nkhani yonseyi. Mayeso anali atayandikira kwambiri. Mutu umene Delifa anapatsidwa unali wakuti alembe nkhani ya munthu amene anataya chinthu cha mwini. A Chigwenembe anatenga tsamba, nayamba kuwerenga. Kalasi inali itakonzeka monga mwa masiku onse, ena mano ali kale pamtunda. Chiganizo choyamba chinadutsa. Chachiwiri chinadutsa. Cholembera chofiira chinangokhala m'mwamba ngati kabawi wosowa mwanapiye. Inali nkhani ya kamtsikana kamene kanataya mbuzi ya amalume ake m'phiri, mvula ikubwera, ndipo kankaopa kubwerera kunyumba kopanda mbuziyo. Mawu ake anali aafupi, wamba, oti aliyense amve. Mano aja anabwerera m'kamwa. Anthu anayamba kumvetsera. Aphunzitsi atafika pansi pa tsamba n'kusiya, mnyamata wina wa kumbuyo anaiwala lamulo, nakuwa m'Chichewa, "Nanga mbuziyo anaipeza?"

A Chigwenembe, aja oseka kamodzikamodzi, anaseka mpaka kuvula magalasi. Pa tsamba lonselo anachonga tizolakwa tiwiri tokha. Kenaka anakweza pepalalo m'mwamba kuti onse aone, nati, "Lero mwamva Chingerezi." Kalasi inaomba m'manja yokha, osauzidwa, mpaka a Fomu Firii kudzasuzumira pa zenera. Delifa anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka. Misozi imeneyo inali ya chimwemwe, ndipo sanaibise.

Masana amenewo, belu lili pafupi, sanaimirire Delifa yekha. Linaimirira pafupifupi theka la kalasi, aliyense akukuwa moni wa Chichewa, kulimbirana chigoba ngati nyama ya pa ukwati, mpaka chingwe chinaduka. Amene anapeza mpata m'masiku otsalawo anapindulako ndithu. Koma masiku anali atatha, ndipo mbewu yobzala mvula ikupita sibereka zambiri. Wedisoni yekha anakhala pansi, manja atapinda. Iye, Mzungu, akasekedwe ndi kalasi? Khosi lake linatha chaka chonse lili loyera.

Tsiku la mayeso, Delifa anatsegula pepala. Pa mafunso onsewo panalibe ngakhale limodzi limene analilembapo. Koma atagwira cholembera, dzanja linadziwa njira. Anawerenga funso kawiri, nalowa m'nkhani osataya nthawi ndi mbalame. Chiganizo chikayamba kutalika, ankamva mawu a Chigwenembe m'khutu, n'kupuma. Anamaliza nthawi ikadalipo, nabwerera pamwamba, nadzichonga yekha, pakuti tsopano diso lake linali litazolowera kuona pofunika kufiira. Kumbali kwake Wedisoni ankakhuthulira pa pepala mawu ake aataliatali onse, ngati munthu wothira mchere wa mwezi wonse m'ndiwo za tsiku limodzi.

Zotsatira zinatuluka nthawi yososa m'minda. Anazimata pa khoma la ofesi. Delifa sanapite yekha. Bambo ake anavala jekete lawo la kutchalitchi, namuperekeza, ndipo anaima chapatali pansi pa mtengo, chipewa chili m'manja. Delifa anadzipanikiza pakati pa anthu, napeza dzina lake, nayendetsa chala pa mzere. Pamene chaka chatha panali naini paja, panali firii, kirediti yonona.

Anakuwa. Analumpha. Anathamangira kwa a Chigwenembe, nawagwira dzanja ndi manja ake onse awiri. Amayi a zitumbuwa aja, omwe aja ankanong'onezana, ndiwo anayamba nthungululu. Bambo ake anangoona mmene mwana wawo ankathamangira kubwera ku mtengo kuja, navala chipewa chawo, naongola msana.

Wedisoni anayang'ana pa mzere wake kamodzi kokha, nazembera kuseri kwa ofesi. Njira imene Delifa anayenda chaka chatha inali ikumudikira. Sindikumuseka mnyamata ameneyo. Ndimamumvera chisoni, pakuti mutu anali nawo. Chinamugwetsa ndi kuopa kusekedwa.

Delifa ndi bambo ake atangofika kunyumba, foni ya bambowo inalira. Anali azakhali aja. "Nanga mtsikana uja abwera liti? Anawa akundisowetsa mtendere kuno."

Bambowo anayankha, "Alongo anga, funani wina. Uyu ali ndi ulendo wake."

Anadula foni, navula jekete, natuluka panja kukagwira tambala.

Nkhani yathera pamenepo. Tsono ndiyang'aneni kuno, nonsenu, ndi inu a kumbuyo omwe.

Mayeso ali pakhomo, ndipo ndikukuonani mmene mukuwerengera. Mumakhala pansi pa mitengo, makope ali pa maondo, milomo ikung'ung'udza, kubwereza zimene mukuzidziwa kale chifukwa ndizo zimakoma kubwereza. Chingerezi sichilowa motero. Chimafuna ulembe, wina aone, akulozere poipa, ulembenso. Ambiri a inu kulephera simukuopa monga mmene mukuopera kusekedwa, ndiye mukubisa zolemba zanu ngati chilonda cha pa ntchafu. Koma dziwani kuti wochonga mayeso a boma sadzakusekani, ndiponso sadzakulangizani. Adzangolemba nambala, n'kutenga pepala la wina. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo nthawi yotsinidwa ndi ino, pamene kutsinako kungakuthandizeni.

Mawa m'mawa ine mphunzitsi wanu ndikhala pa tebulo ili, cholembera chofiira chili m'manja. Sindikufuna chimangirizo cha achimwene ako chokopera bwinobwino. Ndikufuna chako, choipa chomwecho, cholemba ndi dzanja lako. Anzako aseka, n'zoona, mwina nanenso ndiseka. Koma uchoka pano ukudziwa pamene umagwera, nthawi yodzuka ikadalipo.

Ndione amene alimbe mtima kuyamba.